Tebulo Lagwa

OSEWERA
APHUNZITSI: mphunzitsi wopuma ntchito, mlembi wa banki m'khonde
AMAYI: neba wawo, mayi wageni, msungichuma wa gulu lomwelo
MNYAMATA: mwana wa mlongo wawo wa Aphunzitsi, womveka pa foni pokha

(Nyimbo yotsegulira. Ikutsika pang'onopang'ono. Mphepo ya mu Juni ikuwomba pa malata, tambala akulira chapatali.)

WOULUTSA: Tili pa boma la Chitipa, paja azungu ankapatcha Fort Hill. Kuno munthu amadzuka m'Chilambya, nyemba akagula m'Chindali, pa depoti amulalatira m'Chinamwanga, Lamulungu apemphera m'Chitumbuka. Koma aneba awiriwa akafuna kukangana amasankha Chichewa, chifukwa Aphunzitsi anachokera ku Dedza mu 1994, chaka chomwe sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ndipo mpaka lero m'Chilambya amangodziwamo moni ndi mtengo wa nthochi. Pakati pa nyumba zawo pali mpanda wa udzu. Mpandawo ndi wobooka.

(Kugogoda kwamphamvu pa chitseko.)

AMAYI: Odi! Odi kuno! Aphunzitsi, tsegulani. Musanamizire kuti mwachoka, nsapato zanu zili pakhomo pano.

APHUNZITSI: (chapansipansi) Nsapato zimenezi zidzandigulitsa tsiku lina. (mokweza, chitseko chikutseguka) Aneba! Lowani. Mwadzuka bwanji?

AMAYI: Moni tipatsana pambuyo. Tebulo langa lili kuti?

APHUNZITSI: Tebulo lanu?

AMAYI: Ine usiku wonse tulo osabwera. Udzu wa mpandawu susunga chinsinsi. Ndakumvani ndi makutu angawa mukulira pa foni kuti, "Mphwanga, ndagwetsa tebulo, latheratu, ngakhale mwendo sunatsale."

APHUNZITSI: Za mwendozo mwawonjezera nokha.

AMAYI: Tebulo la mlombwa, Aphunzitsi! Ndinachita kulikweza pa lole kuchokera ku Karonga, Matchaina asanathire tara mumsewu uja, tsiku lathunthu ndili chikumbatire ngati mwana wodwala. Ndinakubwerekani kuti tiziwerengerapo ndalama Lachisanu, osati muzichitirapo masewera olimbitsa thupi.

APHUNZITSI: Tembenukani kuno. Ichi n'chiyani? (akugogoda pa thabwa) Miyendo inayi. Werengani nokha, poti msungichuma ndinu.

AMAYI: (akuligwedeza) Likugwedera.

APHUNZITSI: Linabwera likugwedera kale.

AMAYI: Nanga lagwalo ndi la yani?

APHUNZITSI: Khalani kaye pansi, aneba.

AMAYI: Ondiuza kuti ndikhale kaye pansi amakhala anyamula uthenga wa maliro. Nenani ndili chiimire.

APHUNZITSI: Lagwalo ndi la m'kompyutamu.

AMAYI: M'kabokosi aka? Mosalowa ngakhale mbale ya ndiwo, mulowe tebulo?

APHUNZITSI: Ndi katchulidwe chabe. Mukukumbukira kope lathu la hadikava lija? Tsamba lililonse tinkalijambula mizere, kuno dzina, kuno tsiku, kuno ndalama. Tsamba loterolo anthu a makompyuta amati tebulo. Matebulo onse akakhala pamodzi ndiye detabesi, ngati nkhokwe. Mphwanga uja anatikonzera atatu: la mamembala, la masheya, ndi la ngongole.

AMAYI: Chabwino. Ngati lagwa la mamembala palibe mlandu, tonse 25 timadziwana mpaka ndi agalu athu.

APHUNZITSI: La mamembala lili bwinobwino.

AMAYI: La masheya?

APHUNZITSI: Lili njo, silinagwedezeke n'komwe.

(Chete. Nkhuku ikutetera panja.)

AMAYI: Aphunzitsi.

APHUNZITSI: Amayi.

AMAYI: Ndipatseni mpando uja.

(Mpando ukukokedwa.)

AMAYI: Ndalama zomwe zili m'manja mwa anthu ndi K1,400,000. Chiwongoladzanja pamwamba. Mu Disembala tigawana. Mukundiuza kuti amene anakongola, tsiku lomwe anakongola, zomwe wabweza, zonsezo zapita ndi mphepo ya ku Mafinga?

APHUNZITSI: Kunena kuti zapita n'kufulumira. Tingoti sizikuoneka.

AMAYI: Malemu amuna anga nawonso sakuoneka.

APHUNZITSI: Mundimvetsere bwino momwe zinayendera. Kompyuta siimva Chichewa. Ili ndi zilankhulo zake. Cholankhulira ndi nkhokweyi amachitcha SQL.

AMAYI: Mtundu umenewo uli mbali iti, ku Kameme kapena ku Wenya?

APHUNZITSI: Si mtundu wa anthu. Anachipanga akatswiri awiri a kampani ya IBM ku America m'zaka za m'ma 1970, Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce.

AMAYI: Boma lino zilankhulo zachita kutisefukira. Chisukwa, Chinyiha, Chimambwe, Chibemba, Chiswahili cha ku Tunduma. Zaka zonsezi mwalephera Chilambya cha pakhomo panu pomwe, lero mwathamangira cha ku America?

APHUNZITSI: Sindilankhula ndekha. Pali pulogalamu yomwe imandilankhulira. Mphwanga anailemba m'chilankhulo china, Python.

AMAYI: Limenelo ndinalimvapo kwa ana a sukulu. Si nsato imeneyo?

APHUNZITSI: M'Chingerezi ndi nsato, inde, koma...

AMAYI: Mwalowetsa nsato m'banki, lero mukudabwa kuti yameza tebulo!

APHUNZITSI: Mwiniwake, Guido van Rossum wa ku Netherlands, pochitulutsa mu 1991 sankaganiza za njoka. Dzinalo analitenga ku gulu la anthabwala a pa kanema a ku Britain, a Monty Python.

AMAYI: Ndiye bwino ikanakhala njoka. Ndalama za amayi ogulitsa tomato mwazipereka kwa anthabwala.

APHUNZITSI: Mundilole ndimalize. Pamene ankandiphunzitsa, mnyamatayo anapanga tebulo lachinayi longoyeserera, dzina lake ngongole_zoyesera. Munali maina abodza, a Kalulu anakongola zakuti, a Fisi sanabweze. Popita kusukulu ku Mzuzu anandisiyira kapepala aka kuti ndikazolowera ndidzalichotse. Dzulo madzulo ndati lero ndikonze m'nyumba. Ndatsegula pulogalamu, yandifunsa dzina la tebulo loti lichoke. Ndayamba kutayipa ndi chala chimodzi, monga mwa masiku onse. N, g, o, n, g, o, l, e. Ndakweza mutu kuti ndisake kamzere kapansi kaja, poti kamabisala. Nthawi yomweyo palowa nkhuku.

AMAYI: Nkhuku ya yani?

APHUNZITSI: Yamawangamawanga, yopanda nthenga m'khosi.

AMAYI: Nkhuku zotero n'zambiri pa boma pano.

APHUNZITSI: Yomangidwa kansalu kofiira kumwendo.

AMAYI: Pitirizani.

APHUNZITSI: Yadumphira pa tebulo, lanu lamatabwali, kulondola mtedza womwe ndimadya. Mwendo wakansaluwo waponda pa batani lalikulu, la Enter. Pulogalamu yatenga dzina lomwe linalipo, yalumikiza, yatumiza: DROP TABLE ngongole. Osafunsa, osatsokomola. Kuphethira kamodzi, basi.

AMAYI: Ndiye mlandu mukuupachika pa nkhuku yanga.

APHUNZITSI: Ndi mboni ine.

AMAYI: Nkhuku yanga sinapondeko m'kalasi. Siidziwa SQL. Ndiponso, Aphunzitsi, nkhuku yanga ilibe ngongole ku banki m'khonde.

APHUNZITSI: Mukutanthauza chiyani?

AMAYI: K90,000 ya mu Epulo. Ya malata a kubafa. Inali m'tebulo liti?

APHUNZITSI: Amayi! Zaka 30 ndagwira choko, ngakhale fufuti wa sukulu sindinapite naye kunyumba!

AMAYI: Nawonso a ku Capital Hill ankavala mataye. Mwaiwala Cashgate ya 2013? Tonse tinkamvera pa wailesi. Amalowa m'makompyuta a boma aja, a IFMIS, kulemba kuti kampani yakuti yagwira ntchito, cheke n'kutuluka, ndalama n'kutapidwa kubanki, kenako kubwerera m'kompyutamo kukafufuta mzerewo ngati sunalembedwepo. Ndalama zinkapezeka m'mabuti a galimoto! Owerengera a Baker Tilly atabwera kuchokera ku Britain anapeza zoposa K13 biliyoni zitasowa pa miyezi isanu ndi umodzi yokha. Lero Cashgate yakwera basi, yadutsa Mzuzu, yadutsa Karonga, yadzatsikira kuseri kwa mpanda wanga.

APHUNZITSI: Fanizo lanu lapunduka mwendo, ndipo ndikuonetsani. Akuba aja ankachotsa mizere yawo yokha, ina yonse n'kuisiya kuti pasaoneke dzenje. Kumeneko m'chilankhulochi ndi DELETE. Umati DELETE FROM ngongole WHERE dzina ndi lakuti. Liwu la WHERE limenelo ndiye chala cholozera. Ine ndikanakhala wakuba ndikanaloza mzere wanga, K90,000 n'kuzimirira mwakachetechete, inu n'kumandipatsabe moni. Wakuba wanji wofuna chinsonkho chimodzi n'kugwetsa nkhokwe yonse?

AMAYI: Wakuba wosadziwa kutayipa.

APHUNZITSI: Komanso zofufutidwa za ku Lilongwe zija zinasiya mapazi. Si anthu anamangidwa?

AMAYI: Dikirani, ndimvetse. DELETE n'kutapa chimanga, nkhokwe n'kutsala chiimire.

APHUNZITSI: Eya. Ukaiwala WHERE watapa chonse, koma nkhokwe ilipo, mawa ukhoza kuthiramo china.

AMAYI: Ndiye DROP n'kutapa chimanga, kuzula nsichi, kusasula denga, n'kusesa pamalopo.

APHUNZITSI: Mwakhoza. Mukanakhala m'kalasi mwanga ndikanati akuwombereni m'manja.

AMAYI: Ndiye munthu wanzeru zake angasiyire nkhalamba ya chala chimodzi chida choterocho? Muimbireni mnyamatayo. Muike pokweza, ndimve ndekha.

(Kudina mabatani a foni.)

APHUNZITSI: Aa, taonani. Yagwira netiweki ya ku Zambia. Akuti takulandirani.

AMAYI: Pitani pawindo la kum'mawa. Pamene mwaimapo ndi kunja kwa dziko.

(Mapazi. Foni ikuitana.)

MNYAMATA: (mawu a pa foni) Halo, amalume. Mwagonako?

APHUNZITSI: Ndili ndi asungichuma pano. Akumva zonse, ulankhule mwaulemu.

MNYAMATA: Mwadzuka bwanji amayi?

AMAYI: Tadzuka opanda tebulo, mwanawe. Tandiuza. Ine pa Airtel Money ndikamatumiza ngakhale K500 imandionetsa dzina la munthuyo, n'kundifunsa nambala yachinsinsi. Iwe chinthu chogwetsa nkhokwe ya anthu 25 unachisiya chopanda ngakhale "mwatsimikiza?"

MNYAMATA: Pamenepo ndalakwa ndine, amayi. SQL payokha siifunsa, imangomvera. Funsolo ndinayenera kuliika ine m'pulogalamu. Ndinkati ndidzaliika pa holide.

APHUNZITSI: Mwamva? Si ine.

AMAYI: Inu khalani chete, mlandu wanu ukubwera. Iwe, palibe batani lobwezera?

MNYAMATA: Njira ilipo, koma imafuna kukonzekeratu. Detabesi yathuyi ndi ya SQLite. Munthu akayamba walemba BEGIN, zonse zotsatira zimakhala ngati zolemba ndi pensulo. Ukaona kuti walakwitsa umati ROLLBACK, tebulo n'kudzuka. Ukakhutira umati COMMIT, ndiye wadinda ndi inki. Ena monga MySQL alibe chifundo chimenecho, DROP amadindiratu pomwepo. Athuwa amalola.

AMAYI: Ndiye BEGIN-yo inalembedwa?

MNYAMATA: Nayonso ndinkati pa holide.

AMAYI: Holide imeneyi idzakhala yotanganidwa.

MNYAMATA: Komabe musataye mtima. Tebulo likagwetsedwa, SQLite siithamangira kupukuta zolembazo. Imangoika chizindikiro kuti malo awa ndi aulere, wofuna amangepo. Zili ngati munda womwe mwini wasamuka, mizere ikuonekabe mpaka wina adzagaule. Ndikabwera ndidzayesa lamulo lina lotolera zotsalira. Mwina zibwera zonse, mwina zina. Chachikulu, amalume, musalembemo kanthu. Musapange tebulo latsopano, musalowetse sheya ya munthu. Makamaka liwu loti VACUUM musaliyandikire, limenelo ndiye limasesa zenizeni.

APHUNZITSI: Liwu loti chiyani?

MNYAMATA: VACUUM. Lili kuseri kwa kapepala kaja.

(Pepala likutembenuzidwa. Chete.)

AMAYI: Aphunzitsi, nkhope yanu yatani?

APHUNZITSI: Ndinaliona usiku. Pambali pake analemba kuti "kukonza fayilo." Ndinati mwina ndi mankhwala ake.

MNYAMATA: Amalume! Mwalemba?

APHUNZITSI: Ndinafika pa V, A, C. Ndikusaka U, magetsi anazima, batire la laputopu nalo paja linafa chaka chatha.

MNYAMATA: Ndiye sizinapite. Mwapulumuka.

AMAYI: Chibadwire sindinayamikepo kuzima kwa magetsi. Lero ndayamika.

APHUNZITSI: Muone, aneba, zoterezi zimagwera ngakhale akatswiri. Mphwanga, auze za kampani ija unandiuza usiku pondipepesa.

MNYAMATA: GitLab. Pa 31 Januwale 2017 katswiri wawo wina, atatopa usiku, anafufuta pa kompyuta yolakwika. Ankayesa ali pa yachiwiri, pamene ali pa yeniyeni. Pozindikira, pa magigabaiti pafupifupi 300 panatsala osakwana asanu. Anali ndi njira zisanu zosungira makope, koma pofufuza anapeza kuti palibe yomwe inkayenda bwino. Anapulumukira kope lomwe linatengedwa pamanja maola asanu ndi limodzi m'mbuyo mwake. Za maola amenewo zinapita.

APHUNZITSI: Mwamva? Azungu, madigiri, maofesi.

AMAYI: Kumeneko kunali nkhuku?

MNYAMATA: Kunalibe, amayi.

AMAYI: Ndiye nkhuku yanga ituluke m'nkhaniyi. Zaoneka kuti anthu amatha okha.

MNYAMATA: Inanso ndi ya filimu ya zidole ija, Toy Story 2. Mu 1998 ku Pixar wina analemba lamulo lofufuta, mbali yaikulu ya filimuyo n'kusungunuka iwo akuyang'ana. Makope a ku ofesi anapezeka owonongeka. Anawapulumutsa ndi mayi wina wa pantchitopo, Galyn Susman, yemwe anali ndi khanda ndipo ankagwirira ntchito kunyumba. Kope linali pa kompyuta yake.

AMAYI: Bwereza pamenepo. Anawapulumutsa ndani?

MNYAMATA: Mayi.

AMAYI: Aphunzitsi, lembani pa bolodi.

MNYAMATA: Ndiye inunso mutipulumutsa, amayi. Kumapeto kwa Meyi ndinakopera fayilo yonse pa fulashi yabuluu ija, n'kukupatsani kuti muike m'bokosi la gulu. Mukangoitulutsa, zotsala ndi za masabata atatu okha. Mapasibuku nawonso si ali momwemo? Mudzafananiza ndi... (mawu akuduka) ...halo? Amalu...

(Foni yaduka.)

APHUNZITSI: Mayunitsi atha. Koma mwamva! Fulashi! Tiyeni kwanu, tikatsegule bokosi.

AMAYI: Mlembi wamtundu wanji wosadziwa malamulo a gulu lake? Bokosi ndimasunga ine, koma lili ndi maloko atatu, ndipo kiyi ndilibe ngakhale imodzi. Munalemba nokha ndi dzanja lanu kuti wosunga bokosi asagwire kiyi.

APHUNZITSI: Tiitane osunga makiyi.

AMAYI: Woyamba ali ku Misuku, akuthyola khofi kwa apongozi ake, ndipo khofi akapsa sadikira munthu. Wachiwiri anapita ku maliro ku Nthalire, msewu wake mukuudziwa, wopita Lolemba amabwera mwezi ukaoneka. Wachitatu anakwera dzana basi ya ku Tunduma kukaoda zitenje.

APHUNZITSI: Makiyi atatu, mayiko awiri.

AMAYI: Ndiye chitetezo chimenecho. Nkhuku singatsegule.

APHUNZITSI: Chabwino, tidikira. Bola fulashiyo ili m'bokosi.

(Chete.)

APHUNZITSI: Amayi. Ndati bola fulashiyo ili m'bokosi.

AMAYI: Kunja kwazizira lero.

APHUNZITSI: Aneba, yang'anani kuno.

AMAYI: Tsiku lomwe anandipatsa, bokosi linali litakhomedwa kale. Ndinaiika m'kabati, m'kapu ya alendo, kuti Lachisanu ndidzaiponyemo.

APHUNZITSI: Lachisanu lapitapo katatu.

AMAYI: Ndiye mwana wanga wa njinga yamoto uja anaiona. Anati makasitomala a kabaza amakonda nyimbo.

APHUNZITSI: Mayo ine!

AMAYI: Anapita nayo kumsika kwa anyamata othira nyimbo aja. Akuti anamuuza kuti kuti zilowe zambiri aipukute kaye.

APHUNZITSI: Ndiye chinthu chomwe chakhala chikundisokosera m'bandakucha uliwonse, nyimbo za ku Tanzania zija, ndi ngongole za gulu?

AMAYI: Munali malo ambiri, akuti zinalowa nyimbo 400.

APHUNZITSI: Mwabwera pano m'mamawa, moni osapereka, kunditcha wa Cashgate, pamene nkhokwe yachiwiri munaipereka kuti izivinitsa anthu pa msewu wa ku Kapoka! Nanga hadikava? Kope lathu lakale lija, tingayambire pomwepo.

AMAYI: Munanena nokha mu Malichi, pamaso pa gulu lonse, mutaimirira, kuti nyengo ya mapepala yatha. Munati kopelo lipume ngati inuyo.

APHUNZITSI: Kupuma si kufa. Lili kuti?

AMAYI: Mapepala ake ndi olimba bwino. Samwa mafuta msanga.

APHUNZITSI: Mwakulungira mandasi.

AMAYI: Ndi zitumbuwa.

APHUNZITSI: N'chifukwa chake! Sabata yatha ndagula mandasi awiri kwa mdzukulu wanu, ndikudya ndikuona malembo ngati anga. Ndinati kapena ndi mwana wina yemwe ndinamuphunzitsa, watengera dzanja.

AMAYI: Mukanasunga pepalalo bwenzi pano tili ndi poyambira.

APHUNZITSI: Ndiye kwatsala mapasibuku okha, omwe ali m'bokosi, lomwe makiyi ake ali m'mapiri. Msonkhano ndi mkuja. Anthu akamva kuti tebulo lagwa, aliyense adzabwera atayera ngati mwana wobatizidwa kumene. "Ine ndinamaliza kubweza." "Ine sindinakongolepo chibadwire."

AMAYI: Asayerekeze. Tengani pepala ndi cholembera. M'kompyutamo mwana wakaniza.

(Pepala likung'ambidwa m'kope.)

AMAYI: Lembani. Atcheya, K120,000, pa 9 Meyi, ya feteleza wa kudimba, abweza K40,000. Mayi wa salauni, K75,000, sanabweze kalikonse koma wagula foni yatsopano. Mkulu wa kwaya, K60,000, anati ya fizi, ine ndinamuona nayo ku butchala. Wokonza njinga...

APHUNZITSI: Pang'onopang'ono! Zonsezi zili m'mutu?

AMAYI: Munthu amene ali ndi ndalama yanga ndimamulota. Wokonza njinga, K35,000. Aphunzitsi opuma, K90,000, pa 11 Epulo, abweza K10,000 yokha, yachiwongoladzanja, ndipo bafalo mpaka lero lilibe denga.

APHUNZITSI: Ndinabweza K20,000.

AMAYI: K10,000. Munapereka ma K2,000 asanu, imodzi yomatidwa ndi selotepi.

APHUNZITSI: (akulemba, akung'ung'udza) Yomatidwa ndi selotepi.

AMAYI: Basi, ndi omwewo akuluakulu. Ena ndi timakobiri, ndiwakumbukira ndikamaphika. Tsekani.

APHUNZITSI: Sitinathe. Pali mzere wina womwe ndikuuona m'maso mwangamu ngati ndaulemba lero.

AMAYI: Wa yani?

APHUNZITSI: Asungichuma. K150,000. Pa 2 Meyi. Ya mabelo a kaunjika.

AMAYI: Imeneyo ndikuikumbukira mwa apo ndi apo.

APHUNZITSI: Ya mkulu wa kwaya mwakumbukira mpaka butchala, yanu yokha yalowa nkhungu ya ku Misuku?

AMAYI: Inali K130,000.

APHUNZITSI: K150,000. Munavala chitenje chobiriwira, munati mubweza mabelo akatha, mabelo anatha, munaodanso ena. Ine ndimatayipa ndi chala chimodzi, amayi. Nambala iliyonse imatenga nthawi, ndiye imakhazikika.

AMAYI: Chomwe chikanakhala chabwino n'choti tonse awiri tidikire mapasibuku. Tisathamange. Mizere iwiri imeneyi isiyeni kaye yopanda kanthu.

APHUNZITSI: Wanga mwaulembetsa kale ndi inki.

AMAYI: Ndiye fufutani, si ndinu katswiri wake?

APHUNZITSI: Sindifufutanso kanthu m'moyo mwanga. Yanu ndalemba, nayi. Ndipo nkhuku ija ndikuitengera kwa atcheya. Chindapusa chake ndidya ndi nsima.

AMAYI: Mukaigwira nthenga imodzi, nkhani ya VACUUM ndikaifotokoza ndekha Lachisanu, chilembo ndi chilembo. Ndipo chotsani kabokosi kanuko. Tebulo langa ndikupita nalo pompano, lisanaone zina.

APHUNZITSI: Nanga gulu lidzawerengera pati ndalama?

AMAYI: Pa mphasa, ngati kale. Pa mphasa sipagwa kanthu. Gwirani uko.

(Tebulo likukwekwerezedwa.)

APHUNZITSI: Silituluka choncho. Polowa tinalipendeketsa.

AMAYI: Tebulo langa ndikulidziwa. Kankhani.

APHUNZITSI: Mwendo wakodwa pa feremu. Bwererani m'mbuyo.

AMAYI: Ndati kankhani!

APHUNZITSI: Amayi, nkhuku! Nkhuku ili kumapazi kwanu!

(Nkhuku ikukuwa, mapiko phaphapha. Thabwa likuthyoka. Chinthu cholemera chikugwa pansi. Chete wautali. Mwendo wa tebulo ukugubuduzika pa simenti mpaka kuima.)

AMAYI: (mwa phee) Aphunzitsi.

APHUNZITSI: Amayi.

AMAYI: Cholembera chija chikadali m'manja?

APHUNZITSI: Chilipo.

AMAYI: Lembani. Mlembi wa gulu, tebulo limodzi la mlombwa, lochokera ku Karonga, K85,000, kuphatikizapo thiransipoti.

APHUNZITSI: Ndilembe m'tebulo liti?

(Nkhuku ikutetera. Njinga yamoto ikudutsa panja, nyimbo ya ku Tanzania ili pamwamba. Nyimbo yotsekera.)